Telala wa Maso Ofiira

Lolemba ndinadzuka zikope zitamatana
ngati envelopu ya kalata ya ngongole.
Manthongo. Mchenga m'diso, koma mchenga wosaoneka.
Pakagalasi kanga kosweka ku Chibavi
ndinaona munthu wogonera kumowa masiku atatu,
pomwe ine ngakhale thobwa losasa sindilawa.

Wakabaza anandinyamula nkhope itaona kumbali.
Amati ukangoyang'ana, basi yakulowa.
Ana a sukulu pa Katoto anabalalika akuseka,
"Pinki! Pinki!" ngati ndilo dzina langa la ubatizo.

Malangizo ndiye anavumba ngati mvula ya kuno,
yosafunsa kuti uno ndi mwezi wanji.
NyaLuhanga wa nthochi akuti mkaka wa m'mawere.
Mlonda akuti mkodzo, woyambirira wa m'mamawa.
Wina shuga, wina madzi a fodya.
Ndinangoti yewo, yewo chomene,
koma diso langa si dzala.

Zaka khumi ndi zinayi ndapalasa makina
pakhonde la sitolo ya a Raichura,
ndipo mayi a mwini wake, a Kusumben,
sanandiuzepo mawu oposa "zipi" ndi "mawa".
Tsikulo ulusi unaphonya singano kasanu ndi kawiri.
Anatuluka, nandigwira chibwano,
nandiyang'ana. M'maso mwenimweni.
Mzuzu yense akundizemba, iwo anayang'ana.

Kuseri kwa mabelo a nsalu kuli kakhitchini
komwe sindinkakadziwa.
Njere za daniya zinabwata m'kapoto.
Anatsitsa botolo la ufa wotuwa, tirifala,
zipatso zitatu, akuwerenga pazala:
chowawa, chowawasa, ndi china chomanga lilime.
Kwawo nzeruyi amati Ayuveda.
Amati diso ndi nyumba ya moto,
ndipo moto ukakula sumaukalipira, umauziziritsa.
Anasefa kawiri pansalu yoyera, nadikira kuti zipole.
"Tsinzina. Pamwamba pokha. M'kati ayi."

Kansalu konyowa kanagona pazikope zanga.
Mumdimamo ndinamva mvula ikuyenda pamalata,
ndi iwo akusimba m'Chichewa chotsimphina
za bambo awo amene anatsika sitima ya pamadzi
ndi mabotolo asanu ndi nsapato zobwereka.
Sindinamve zonse. Kuyabwa kunakhala pansi
ngati galu amene wazindikira mwini nyumba.

Kenako mawu anabwerera pakauntala:
"Izi n'zotonthoza chabe. Mawa upite ku Mapale.
Thawulo lako likhale lako lokha.
Sopo nayu, ndidzamuwerengera pa lendi."
Ndipo anamuwerengeradi.

Ku Mapale mzere unakafika kumpanda,
tonse magalasi akuda ogula ku Taifa,
ngati oimba amene aberedwa zoimbira.
Namwino anafunsa chomwe ndathiramo.
Ndinati palibe.
Anaika cholembera pansi. "Ndinu woyamba lero."

Lachisanu singano inavomera ulusi.
Ndinamaliza mayunifolomu atatu ndi diresi la ukwati
limene mwini wake ankafunsira patali, kutsidya la msewu.

Lolemba linalo a Kusumben sanatsike.
Mwana wawo Nilesh, potsegula maloko,
anangoti, "Amayi adwala maso,"
mawu ake akundiloza popanda chala.

Sindinayankhe.
Ndinadula nsalu yoyera tizidutswa khumi ndi tiwiri,
yogula ndi ndalama yanga, pamtengo wawo womwewo,
n'kupinda m'mphepete kuti ulusi usasosoke.
Ndinawiritsa, ndinasita,
ndinapatsira Tiwonge wantchito kuti akwere nato,
ndi uthenga umodzi wokha:
pamwamba pokha, m'kati ayi,
ndipo ku Mapale amatsegula m'mawa.

Madzulo, nkhungu itatsika kuchokera ku Kaning'ina,
zenera la pamwamba linatseguka pang'ono.
Fungo la daniya linatsika lisanatsike china chilichonse.
Kenako magalasi akuda, aakulu kuposa nkhope.
Sindidziwa ngati ankandiona.
Ine ndinaimitsa makina,
ndinayang'ana.